Katundu wa Mbali Imodzi Sayenda

Amene akunena kuti ndakalamba aimirire, tione ngati mawondo ake akuposa anga. Palibe? Chabwino. Inu Abambo, takulandirani, khalani pampando wofewawo. Ndikudziwa kuti wansembe sachoka ku tchalitchi ndi mvula yonseyi kudzangomwa tiyi. Mwana wangayu, Tiyanjane, wakuitanani kuti mudzandinyengerere, poti waona kuti iyeyo ndi mwamuna wake, a Tembo awa, alephera. Nkhani yake ndi iyi. Tinabwera kuno ku Crumlin, kudziko la azungu, kudzaona zidzukulu, ine ndi akazi anga Anangozo, amene akhala pa wilitcheya pawindopo, ndipo tisanathe mwezi sitiroko inawagwira, inawalanda mwendo, dzanja ndi theka la lilime. Tsopano mapepala anga okhalira kuno akutha, ndiye akuti Loweruka ndikwere ndege ndekha ndibwerere ku Tsangano, mayi akewa atsale kuno ndi madokotala. Tikiti wagula kale, imodzi. Sutikesi wayeza kale pa sikelo ya kubafa, imodzinso. Kalata yopempha kuti andiwonjezere masiku akuti ndi yovuta, atha kuikana, komanso akuti ngakhale nditatsala ndingathandize chiyani munthu woti pokwera masitepe ndimapumira pakati. Ine! Lufeyo Kamtedza wa pa Njira ya Nyulu! Ndisanayankhe, mumve kaye kuti mukulankhula ndi ndani, ndipo wokayika asatuluke, akhale pomwepo mpaka ndimalize.

Inu Abambo kwanu ndi ku Zomba, a Tembo kwawo ndi ku Chipata, nonsenu nyulu munangoiwerenga m'Baibulo. Nyulu si bulu. Bambo wake ndi bulu, mayi wake ndi hatchi, ndiye imatenga liuma la bambo ndi chifuwa cha mayi, ndipo sibereka, chifukwa Mulungu ataona ziwiri zoyambirira anati basi, zakwana. Njira yathu inkayambira pamsewu wa ku Tsangano, n'kukwera mapiri, n'kudumpha malire, n'kutsikira ku Angonia mbali ya Mozambique, masiku atatu kupita, masiku atatu kubwera. Malirewo ndi a pamapu chabe, anthu ake ndi amodzi, mbali ino kuli amalume, mbali inayo kuli azakhali. Makolo athu ankaiyenda ndi katundu pamutu mpaka makosi analowa m'mapewa. Kenako kunabwera Mpwitikizi wina wamalonda ndi nyulu zake, ndipo pamene Apwitikizi ankapakira kubwerera kwawo, iyeyo anasiyira nyuluzo kapitawo wake, amene anali malume anga, a Zakeyu. Kupita tinkasenza mchere, sopo, shuga, machesi ndi palafini. Kubwera tinkasenza mbatata ya kachewere, nyemba ndi tirigu. Galimoto sinkafikako, njinga inkathyoka tsiku loyamba lomwe. Lero anyamata akuuluka ndi njinga zamoto kudzera kwina, ndipo njira yathu inamera tsekera.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa mukaphonya apa mwaphonya zonse. Nyulu imasenza mitanga iwiri, wina kumanja, wina kumanzere, yomangidwa ndi lamba wachikopa wodutsa pamimba. Lamulo loyamba limene malume anandiphunzitsa, ndi khofi pamwamba, linali lakuti katundu wa mbali imodzi sayenda. Mtanga wina ukalemera pang'ono pokha kuposa unzake, katundu amapendekeka, lamba amasupula msana, ndipo pofika pamtsetse nyulu imakokedwera kuphompho, iwe n'kutsala ndi chingwe m'manja. Ndiye mbali ina ikapepuka, suchotsa katundu kumbali yolemerayo ayi, umatola mwala n'kuika kumbali yopepukayo, n'kuima kumbuyo kwa nyulu, n'kuyang'ana matako a mitanga ngati alingana. Mwalawo umayenda nawo ulendo wonse, sugulitsidwa, sudyedwa, koma popanda iwo palibe chimene chimafika. Ukafika pamsewu kwathu, potsitsa katundu, umauponya pamulu wa miyala inzake. N'chifukwa chake malowo amatchedwa Pa Mulu. Mulu umenewo ndi wotalika kuposa nyumba ino, ndipo theka lake ndinaponya ine ndekha.

Musawasamale Anangozo akamatsokomola choncho. Ndi mphepo ya dziko lino.

Nyulu yanga dzina lake linali Dona, chifukwa inkayenda mwachidona, matope sinkaponda, ndipo munthu wosasamba sinkalola kuti aimange lamba. Dona ankadziwa njira kuposa ine, ankadziwa masiku a sabata, Lamlungu ankakana kusenza palafini, ndipo ulendo wina anandiwongolera pamene ndinalakwitsa kuwerenga matumba, anangoponda pansi kasanu ndi kawiri n'kundiyang'ana. Mukumva? Inu mukudandaula ndi kuzizira kwa kuno mutavala majekete atatu ndi chotenthetsera kukhoma! Pamwamba pa phiri lija mwezi wa Juni, tiyi ukamathira m'kapu ankauma ali m'njira, tinkangomuthyola n'kumatafuna ngati nzimbe, ndipo nkhungu inkakhala yolimba moti tinkaidula ndi chikwanje kuti tipeze podutsa, zidutswa zake malume n'kumakagulitsa ku Balaka kumene mvula imavuta, anthu n'kumafinyira m'madimba mwawo, ndipo mbatata ya kutsidyako inali yoti imodzi banja linkadya sabata yathunthu, khungu lake n'kusandutsa khola la nkhuku. Musaseke a Tembo, kuseka kumeneko n'kwa munthu amene sanayende.

Koma ulendo umene ndikufuna mumve ndi wa chaka chimene nkhondo ya kutsidya inafika poipa. Mawu anabwera akuti abale athu kumeneko atha miyezi osalawa mchere, ana akunyambita thukuta la amayi awo, ndiwo akudya ngati mbuzi. Amuna onse a m'njira anati ife ayi, kuli mfuti, tidikire. Ine ndinati mudikire inuyo, ine ndapita. Ndinamanga matumba awiri a mchere, lina uku lina uku, olingana ngati mapasa, n'kunyamuka ndekha ndi Dona, mvula ikugwa yoti achule ankabisala pansi pa mimba ya nyulu. Tsiku lachiwiri tinafika pa Mtsinje wa Pakati, tinkautchula choncho poti unali pakati pa ulendo, n'kupeza wadzaza mpaka m'nthambi za mitengo, ukukokolola zitsa, mbuzi, denga la nyumba lili ndi tambala pamwamba akulirabe, ndipo Dona anaima n'kundiyang'ana ngati akuti bwana, ine ndi dona, sindisambira. Ndinaganiza: mchere ukangokhudza madzi watha, ndikabwerera ana afa ndi nkhuli, ndikadikira mtsinje uphwa mwezi wamawa. Ndiye ndinavula malaya, n'kuwerama, n'kulowa pansi pa mimba ya Dona, n'kudzuka naye, nyulu, mitanga, mchere, zonse pakhosi panga, miyendo yake yakutsogolo m'dzanja ili, yakumbuyo m'dzanja ili, n'kulowa m'madzi.

Madzi m'mawondo, madzi m'chiuno, madzi m'khosi, madzi pamutu, ine ndikuyenda pansi pa mtsinje osaona kanthu, Dona ali pamwamba akundiwongolera ndi mchira, akamenya kumanja ndikhotere kumanja, akamenya kumanzere ndikhotere kumanzere, mpweya ndikupumira m'bango limene ndinathyola m'mbali, ng'ona ina inabwera n'kundiluma pantchafu mano n'kutsalira pomwepo, ndipo ndinawoloka tsidya lina mchere uli wouma gwa, osanyowa ngakhale kambewu kamodzi. Ndikulumbira pali manda a malume! Thukuta limene ndinakhetsa tsiku limenelo linasakanikira m'madzi, moti mpaka lero matemba a mumtsinje umenewo saathira mchere, umangowedza n'kuika pamoto. Abambo, mukuyang'ana pansi bwanji? Mukadzapita kumudzi mukalawe nokha. Ndipo iwe Tiya, apatse madzi amayi akowo, chifuwa chawavuta lero.

Za mmene anandilandirira kutsidya sindinena, mungati ndikudzitama. Ndingoti nkhalamba zinalira, ndipo ana atatu obadwa sabata imeneyo anawatcha Lufeyo, mmodzi wamkazi. Anandipakirira mbatata mitanga yonse iwiri, n'kuyamba ulendo wobwerera. Tsono titafika padambo lina lalikulu tinakumana ndi anthu amfuti. Sindinawafunse kuti ndi a mbali iti, munthu wamfuti safunsidwa kwawo. Anali ndi njala, anati mdala, mbatata. Ndinati tengani, koma mutenge uku ndi uku mofanana. Aa! Mbuli za njira zija zinakhuthula mtanga wa kumanzere wonse psiti, wa kumanja osaukhudza, n'kulowa m'tchire. Nthawi yomweyo katundu anapendekeka, Dona anayamba kuyenda chammbali ngati nkhanu, ndipo dambo limenelo, Abambo, lilibe mwala, ngakhale kamwala koponyera mbalame, ndi udzu ndi matope basi, kutsogolo kuli mtsetse wa phompho umene unameza nyulu zitatu za malume. Kutaya mbatata zotsalazo sindikanatha, zinali mphatso za anthu osauka. Ndinaima pamenepo ndikukanda m'mutu, ndikupempha Mulungu kuti andigwetsere mwala umodzi wokha.

Mulungu sananditumizire mwala, ananditumizira kambuku. Mukumva? Ndinangomva udzu kuti tswa, kucheuka, uyo ali m'malere akubwera pakhosi pa Dona, kukamwa kuli yasa, ine n'kupendeka pang'ono, n'kumugwira mchira akudutsa, n'kumuzunguza katatu pamwamba pa mutu mpaka mawanga ake anasonkhana kumutu onse, n'kumumenyetsa pamatope, n'kumumanga miyendo ndi luzi, n'kumupinda bwinobwino, n'kumulonga mumtanga wa kumanzere uja, mutu wokha uli kunja. Ndinaima kumbuyo kwa Dona kuyang'ana matako a mitanga. Kambuku anapepuka pang'ono! Anali wowonda, chaka chimenecho nyama zinathawa mfuti. Ndiye ndinakoleza moto, n'kuwotcha mbatata, n'kumamudyetsa imodziimodzi, ndikamudyetsa ndikayang'ane kumbuyo, ndikamudyetsa ndikayang'ane kumbuyo, pa mbatata yachisanu ndi chinayi mitanga inalingana ndendende.

Mukuti chiyani a Tembo? Ati manje kambuku angadye bwanji mbatata? Apongozi, inuyo muli ndi digiri, koma kuno ndakuonani ndi maso angawa mukudya masamba osaphika opanda mchere, mukuti saladi. Kambuku womangidwa miyendo angakane mbatata yootcha?

Tinayenda choncho masiku awiri, Dona akuponda mwachidona, kambuku akubuula m'khutu mwake, ine ndikuimba kumbuyo, anthu m'midzi akuthawa n'kusiya mitondo ili ndi misi m'kati, ndipo pamtsetse wa phompho uja kambuku ankapendekera yekha kumbali ya phiri, atazindikira kuti tikagwa tigwa tonse. Titafika Pa Mulu ndinati ndimumasule azipita, poti ntchito anagwira, koma ndinapeza wafa ndi kudzimbidwa. Ndinamuika m'manda mwaulemu pambali pa mulu waukulu uja, n'kuunjikapo miyala. Aliyense wa ku Tsangano akudziwa kamulu kakang'ono kamene kali pambali pa mulu waukulu, pansi pa mtengo wa pichesi. Iwe Tiya, sunakaone kodi? Sindinakunyamule pakhosi uli mwana kukakusonyeza? Ndiye munthu amene anasenza nyulu, n'kulonga kambuku mumtanga, lero mukumuuza kuti sangathe kusamala mkazi mmodzi woonda ngati uyu?

Usandiuze kuti "Dad, please." Chizungu chimenecho ukalankhule kuntchito kwako. Ndakumva, wati nthano ya kambuku waimva kuyambira uli kumsana, ndipo siisintha tsiku la pa tikiti. Wati amayi ako akufunika anthu odziwa kuwanyamula, osati nthano. Watinso iweyo watopa, usiku uli kuntchito, masana uli ndi ana, ndipo sungasenze nkhalamba ziwiri. Ndamva, mwana wanga, ndipo sindikukwiyira. Maso akowo ndikuwaona mmene alowera. Koma wandipweteka, ndinene poyera, wandipweteka kwambiri, pondiwerengera pamodzi ndi katundu.

Abambo, sendezani mpando. Poti mwabwera ndi kolala yanu, ndinene chimene sindinanenepo ngakhale m'kachipinda kolapira. Anangozo alibe chifuwa. Zaka makumi anayi ndi kuposerapo, ndikamanena nkhani imeneyi pamowa, pamaliro, paukwati, mayi amenewa sananditsutsepo pagulu ngakhale kamodzi. Amangotsokomola. Ndikawonjezera pang'ono amatsokomola kamodzi, ndikafika pa kambuku amatsokomola mpaka misozi. Sitiroko inawalanda mawu, koma chifuwa chimenecho inawasiyira. Tsono tcherani khutu kuwindoko, ndikunena ulendo womwewo kachiwiri.

Sindinapite ndekha. Tinali amuna anayi, ndipo ine ndi amene ndinkaopa kwambiri. Mchere tinafikitsa, zimenezo n'zoona. Mtsinje unali wodzaza, n'zoonanso, koma sindinasenze nyulu, ndinagwira mchira wa Dona, iyeyo n'kundikoka ngati chiguduli. Pobwerera, chifukwa cha madzi ozizira aja, chibayo chinandigwira. Pofika pamsasa wa tsidya la Mtsinje wa Pakati sindinkathanso kuima, ndikapuma m'nthiti muli ngati mwalowa mpeni. Njira inali ndi lamulo lachiwiri, limene sindikonda kulinena: ulendo suima chifukwa cha munthu mmodzi. Wodwala ankamusiya pamsasa ndi chigubu cha madzi, mbatata zootcha ndi bulangete, katundu wake n'kugawana, nyulu yake n'kuimasula kuti itsogole yokha kumudzi ndi mitanga yopanda kanthu. Kumudzi akaona nyulu yafika yokha, mitanga ili mbee, ankadziwa kuti mwini wake watsala, ndipo abale ake aamuna ankanyamuka ndi machira, kapena ndi makasu. Anzanga aja anandisiya. Sindiwada, inenso ndinasiyapo munthu.

Dona anafika pakhomo m'mawa, n'kuima pafupi ndi nkhokwe. Achimwene anga awiri anatuluka, anaona mitanga, anayang'anana, n'kuyamba kunena za mfuti, za mvula, za kudikira mpaka Lolemba. Anangozo nthawi imeneyo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo pakati pamenepo unali iweyo Tiya. Mkazi sankaponda Njira ya Nyulu, zinali zosamveka n'komwe. Iwo sanakangane ndi munthu. Anamwetsa Dona, anamanga chitenje pamimba, anatenga ufa wa phala ndi kampoto, n'kutembenuza nyulu, n'kuimenya pathako, n'kugwira mchira. Njira sankaidziwa. Anangoti kumene nyamayi yachokera n'kumene kuli mwamuna wanga. Anayenda tsiku ndi theka, phiri lonse lija, ndi mimba, opanda nsapato, ndipo mtsinje anawoloka madzi ali m'chifuwa.

Anandipeza nditadziipitsira, Abambo, ndikulankhula ndi malume amene anamwalira kalekale. Anandisambitsa, anandimwetsa phala. Pamsana pa nyulu sindikanakhala, ndinkangogwa. Ndiye anandipinda miyendo n'kundilonga mumtanga wa kumanzere, mutu wokha uli kunja. Mwamuona tsopano kambuku wanu uja? Ndi uyu wakhala apayu. Mtanga unatsika mpaka pansi, Dona anapendekeka n'kukana kusuntha. Anangozo lamulo la mwala ankangolimva ndikamadzitama pakhonde, koma analisunga. Anatsikira kumtsinje n'kuyamba kututa miyala. Waukulu sakanautha, ankatenga yapakatikati, umodziumodzi, atauyedzamiritsa pamwamba pa mimba, n'kukwera nawo mtunda, n'kuponya mumtanga wa kumanja, n'kupita kumbuyo kwa nyulu kukayang'ana, n'kutsikiranso kumtsinje. Ine ndinkaona zonsezo ndi diso limodzi. Ndinawauza kuti mayi, ndisiyeni, mupha mwana. Anandiyankha mawu amene ndimawamvabe: "Khalani chete, mukundisokoneza kuyeza."

Tinayenda masiku awiri ndi theka. Pamtsetse wa phompho anayenda kumbali ya phompholo, phewa lawo litatsamira mtanga wanga. Titafika Pa Mulu anaimitsa lole ya ku mishoni imene inkapita kuchipatala, anthu ananditsitsa, ndipo iwo anatsala akutsitsa miyala. Pamulu waukulu sanaponye, anati umenewo ndi wa amuna a m'njira, angandinene. Anaiunjika pambali, pansi pa mtengo wa pichesi. Mulibe kambuku m'menemo, Tiya. Kamulu kamene kaja ndi kulemera kwanga ine, mmene amayi ako anandiyezera. Iwe unabadwa patangotha masabata atatu, usanakwane masiku, kakang'ono kokwana m'chipewa changa. Ndipo ine nditachira, anzanga atandifunsa pamowa kuti unabwerako bwanji, ndinachita manyazi kunena kuti anandisenza mkazi wapakati. Ndinayamba ndi kambuku wamng'ono, n'kumakula chaka ndi chaka.

Mwamva kutsokomola kulikonse? Abambo, mwamva? A Tembo? Palibe.

Ndiye mwana wanga, wandifunsa kuti ndikatsala ndigwira ntchito yanji. Kuwanyamula sindingathe bwino, n'zoona. Mankhwala awo sindingawerenge, zilembo zake n'zazing'ono. Basi ya kuno sindiidziwa, tsiku lija ndinkafuna kupita kutawuni ndinakatsikira ku Rathmines. Koma iwe ikakugwera shifiti ya masana, a Tembo atapita kuntchito kwawo, ana ali kusukulu, m'nyumba muno mumatsala ndani? Mayi uja amene amabwera kudzawasambitsa ndi wabwino, koma amakhala ola limodzi ndipo Chichewa sadziwa. Anangozo akati "aa" ine ndimadziwa ngati akufuna madzi kapena akufuna kutembenuzidwa. Phala akalikana kwa iwe, kwa ine amatsegula pakamwa, chifukwa ndimayamba ndawanamiza kaye nkhani mpaka atsokomole, akatsegula pakamwa ine supuni ndalowetsa. Masabata atatu apitawa ananena dzina langa, theka lokha, "Lufe," ndipo munalibe wina m'nyumba muno woti alimve koma ine. Ndine mwala, Tiya. Mwala sugwira ntchito, sugulitsidwa, sudyedwa, umangokhala mbali inayo kuti zinthu zisapendekeke. Undichotse Loweruka, uone ngati mayi akowa afika Khirisimasi ali chilili.

Mbatata za kumunda zimene ukuti zikundidikira ziwole, mphwanga akumba zimene angathe. Nyumba ikadontha idonthe. Ine zimene ndikufuna ndi izi. Abambo, inu mumadziwa kulemba Chizungu chogwira mtima, ndakumvani paguwa. A Tembo amadziwa za makompyuta. Tiya akatenge kalata kwa dokotala. Mulembe kuti pali nkhalamba ina imene mkazi wake anaisenza mumtanga, ndipo ikupempha masiku. Ofesi yake ikakhala kutali ndikapereka ndekha wapansi, ndinayendapo maulendo oposa amenewo. Akakana, tipemphenso. Akakananso, dokotala akadzalola kuti akwere ndege mugule matikiti awiri, mipando yoyandikana, tikafere kwathu limodzi. Koma kuti ine ndikwere ndekha, mpando wa pambali panga pakhale mzungu wosamudziwa, Anangozo atsale pawindo apa akuyang'ana mvula, zimenezo ayi. Anzanga anandisiya pamsasa chifukwa linali lamulo. Mayi awa lamulo analimva, n'kutembenuza nyulu.

Usalire, mwana wanga, ukuwaliritsa amayi ako. Ndipo za masitepe zimene ukunenazo uiwale, ndimapumira pakati dala, kuti ndione zithunzi zapakhoma. Ndikafuna, mayi awa ndingawakweze m'mwambamo ndi dzanja limodzi, wilitcheya ndi bulangete zili pomwepo, dzanja linali nditanyamula tiyi osatayika ngakhale dontho, ndipo ndingatsikenso n'kudzatenga Abambo ndi mpando wawo womwe...

Ndamva, mayi, ndamva. Musatsamwe.

Chabwino, ndi manja awiri, a Tembo atagwira kumiyendo. Koma sutikesi ija mukaimasule, malaya anga mubwezere m'kabati. Apongozi, tengani cholembera.